Za Nsembe Zakale Zimene Ziukanso, Kuno Kwathu ndi ku Iceland

Chaka cha 2024, mvula itadula m'miyezi ya January ndi February, chimanga nichiyamba kupota masamba m'minda yathu yino ya ku Mwanza, mkuru wina wa mpingo, munthu wa imvi amene anabatizidwa ine ndisanabadwe, anandipeza pakhonde la sukulu ana ataweruka. Tinalonjerana, nakhala pansi, nayamba ndi nkhani ya manachesi ache amene analikuyoyoka asanakhwime. Ndipo atazungulira nthawi, monga achitira akuru, anafika pa chimene anadzera. Anati, "Aphunzitsi, inu muwerenga mabuku. Kodi Azungu aja anatiletsa kuthira nsembe, kwao kunalibe makolo? Nanga milungu ya makolo ao inamka kuti?" Anafunsa chotero chifukwa akuru ena a mudzi anali atapangana kusonkha chimera kuti akathire nsembe patsinde pa msolo, ndipo mthenga wa anyakwawa anali atafika ndi lichero pakhomo pache pomwe.

Tsiku lomwelo ndinamyankha mopereweza. Tsono ndalemba pano zimene ndinayenera kumuuza, pakuti ndidziwa kuti lichero lotere lafika pa makomo ambiri a inu owerenga.

Tiyambe ndi zathu. Makolo athu sanali anthu osadziwa Mulungu ai. Anamtcha Chauta, Namalenga, Mphambe, Leza, Chisumphi. Ndipo mvula ikakana, sanati mitambo yalakwa, koma anati pali mlandu pakati pa amoyo ndi mizimu. Pamenepo mfumu inamema mudzi wonse. Analambula patsinde pa mtengo, namangapo kachisi, ndiko kanyumba kaudzu kosapitirira chiuno cha munthu. Akazi okalamba anafulula mowa wa chimera chosonkha nyumba ndi nyumba, ndipo masiku onse a kufulula amuna ndi akazi ao anagona padera, kuopa kuipsa nsembe. Tsiku lache litafika, wamkuru anagwada, nathira ufa ndi mowa pansi, natchula maina a akufa mmodzi mmodzi, amuna alikuomba m'manja, akazi naliza nthungululu. Mbuzi kapena nkhuku ya nsembe inayenera kukhala yakuda bii, pakuti mtambo wa mvula uli wakuda. Koma chimene ndifuna muchisunge ndi ichi: panalibe munthu wolowa chipembedzo chimenechi monga tilowa mpingo, panalibenso woturukamo. Ali yense wolima nthaka ya dzikolo ndi kumwa madzi ache anali m'menemo, angakhale mlendo wofika dzana. Chifukwa mvula siigwa pa munda wa munthu mmodzi.

Nsembe ya pamudzi ikalephera, panali makachisi akuru a dziko lonse. Ku Msinja, m'dziko la Lilongwe, kunali Makewana, mai wa ana onse. Kuno kumwera womveka koposa ndiye Mbona. Mukatsata mtsinje wathu wa Mwanza mufika ku Chikwawa, dziko la mfumu Lundu, ndipo kunsi kwache ndiko ku Nsanje, kumene kuli nkhalango ya Khulubvi. Amang'anja asimba kuti Mbona anali mnyamata wodziwa kuitana mvula, amene anaposa akuru ache, nadedwa nao. Anathawira kumwera adani alikumlondola, kufikira anamgwira. Koma mipeni ndi nthungo sizinamlasa, mpaka iye mwini anawaululira chomuphera. Anamdula mutu, mwazi wache nusanduka mtsinje, ndi mutuwo anauika ku Khulubvi. Ena ati Lundu ndiye anatuma omupha, ena atchula Mlauli. Chiyambire pamenepo anthu ammangira nyumba m'nkhalangomo, nampatsa mkazi, dzina la udindo wache Salima, amene ati Mbona amchezera m'maonekedwe a nsato. Ndi mau ache amveka mwa mlosi wogwidwa ndi mzimu. Olowa m'nkhalango avula nsapato, navala zakuda, ndipo palibe wodulamo mtengo. Henry Rowley, mmodzi wa amishoni amene anafika ku Magomero ndi Bishopu Mackenzie m'chaka cha 1861, anamva mbiri ya Mbona m'chigwa cha Shire, nailemba m'buku lache la 1866. Kachisiyo alipobe, ndipo m'chaka cha 2011 boma la Malawi linaika Khulubvi pa mndandanda wa malo amene lifuna kuti a UNESCO awalandire monga chuma cha dziko lonse lapansi.

Tsono tiolokere kwa Azungu, kuti tiyankhe funso la mkuru uja. Ndasankha anthu a ku Iceland, chifukwa mbiri yao inalembedwa bwino, ndiponso chifukwa sali alendo kwa ife: chiyambire 1989 boma lao lithandiza anthu a ku Mangochi, ndipo linathandiza kumanga chipatala cha ku Monkey Bay. Iceland ndicho chisumbu cha m'nyanja yozizira, kumpoto chakumadzulo kwa Scotland kwao kwa Dr. Livingstone, ndi anthu ache safika theka la miliyoni. Makolo ao anachokera makamaka ku Norway m'zaka za m'ma 870, nadza ndi milungu yao. Panali Odin wa diso limodzi, amene ati anapereka diso linalo kugula nzeru. Panali Thor wonyamula nyundo, mwini bingu, amene alimi anamkonda koposa, ndiye ngati Mphambe wao. Panali Freyr wopatsa mvula, dzuwa ndi zokolola. Ndi milungu yaikazi, Frigg ndi Freyja. Makolo a Angerezi anapembedza milungu yomweyi ndi maina osiyana pang'ono, kotero kuti mwana ali yense wa sukulu amene aloweza masiku a sabata m'Chingerezi alikuitchula osadziwa: Wednesday ndilo tsiku la Odin, Thursday la Thor, Friday la Frigg. Ndakhala ndikuphunzitsa mau amenewa zaka zambiri pansi pa denga la mishoni, ndipo palibe mbusa anandidzudzulapo.

Nsembe yao anaitcha blót. Mabuku ao akale asimba kuti alimi onse a dera anasonkhana ku kachisi, yense ndi kamba wache ndi mowa wache. Anapha ng'ombe ndi akavalo, nalandira mwazi m'mbale, nauwaza ndi timitengo pa zipupa ndi pa anthu. Nyama anaiphika m'miphika pa moto wa pakati pa nyumba. Ndipo mfumu itadalitsa chikho, anamwa choyamba kwa Odin kupempha kupambana pa nkhondo, chachiwiri kwa Njord ndi Freyr kupempha chaka cha dzinthu ndi mtendere, ndi pambuyo pache kukumbukira abale ao akufa. Kodi imeneyi si nsembe ya patsinde pa msolo yomwe? Adam wa ku Bremen, wolemba wa Chikristu wa m'zaka za m'ma 1070, ananenanso za kachisi wamkuru wa ku Uppsala m'dziko la Sweden, kumene ati pakapita zaka 9 anapachika nyama ndi anthu omwe pa mitengo ya m'nkhalango yopatulika. Adam sanaziona ndi maso ache, anachita kumva. Ndipo ife amene tawerenga zimene alendo analemba za makolo athu tidziwa kuti mlendo wakumva nthawi zina awonjeza mchere.

Umo chinalowera Chikristu ku Iceland ndi nkhani yoyenera kuimva bwino. Anthu a kumeneko analibe mfumu yaikuru, koma chiyambire chaka cha 930 anasonkhana chaka ndi chaka pa bwalo lao la malamulo lochedwa Althing, pa chigwa cha miyala cha Thingvellir. Mfumu ya ku Norway, Olaf Tryggvason, munthu wolalikira ndi lupanga, inagwira ana a akuru a ku Iceland amene anali m'dziko lache, niopsa kuwapha ngati makolo ao sabatizidwa. Pa bwalo la chaka cha 1000, ena ati 999, Akristu ndi opembedza milungu yakale anafika ndi zida, gulu liri lonse likuti silidzamveranso malamulo a linzache. Nkhondo iri pafupi chotero, anatula mlanduwo m'manja mwa Thorgeir, wonenera malamulo wa bwalolo, amene mwini wache anali wansembe wa milungu yakale. Thorgeir anagona pansi, nadzifunda chofunda chache kumutu komwe, nakhala chete usana ndi usiku. M'mawa mwache anaturuka, nawachenjeza kuti dziko la malamulo awiri lidzatha ndi nkhondo; ndipo atawalumbiritsa kuti adzamvera chimene adzanena, anagamula kuti onse abatizidwe. Koma anasiya makomo atatu otseguka: kudya nyama ya kavalo, kutaya makanda osafunidwa, ndi kuthira nsembe m'tseri, pokhapo pasakhale mboni, wogwidwa ndi mboni anayenera kuchoka m'dziko zaka zitatu. Patapita zaka zowerengeka makomo amenewa anatsekedwanso. Asimbanso kuti ambiri anakana madzi ozizira a pamenepo, nakabatizidwa pa akasupe otentha ali pa ulendo wa kwao.

Ife amene tisunga munthu m'kalasi nthawi yaitali asanabatizidwe tidabwa ndi ubatizo wa lamulo wotere, ndipo ine sindiuyamika. Koma Thorgeir ndimlemekeza. Anaona chomwecho chimene anaona makolo athu, kuti kupembedza kwa masiku amenewo kunali kwa dziko lonse pamodzi. Ndipo analola kutaya milungu yache kuti anthu ache asaphane.

Nanga milunguyo inamka kuti? Inalowa m'mabuku, ndipo amene anailowetsamo ndiwo Akristu. Snorri Sturluson, mkuru wobatizidwa, analemba nthano zache m'buku lochedwa Edda cha m'ma 1220, kuti anyamata opeka ndakatulo amvetse mau a akale. Buku lina la zikopa, la ndakatulo za milungu, lolembedwa cha m'ma 1270, linafika m'manja mwa Bishopu Brynjólfur Sveinsson m'chaka cha 1643, ndipo iye sanalitentha, koma analitumiza kwa mfumu ya ku Denmark. Linakhala ku Copenhagen kufikira April 1971, pamene ngalawa ya nkhondo inalibwezera kwao, khamu la anthu lilikudikira padooko. Kuno kwathu zinayenda chimodzimodzi. Samuel Ntara, mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma, ndiye analemba Mbiri ya Achewa m'zaka za m'ma 1940. Ndipo amene anasonkhanitsa nthano za Mbona koposa onse ndiye Bambo Matthew Schoffeleers, wansembe wa Chikatolika wa ku Holland, amene buku lache lalikuru la Mbona linaturuka m'chaka cha 1992.

Chaka chimodzi chitapita chibwerere buku lija, m'mwezi wa April 1972, anthu owerengeka anasonkhana m'mudzi waukuru wa Reykjavík, nayambitsa gulu lochedwa Ásatrúarfélagið, ndiko kunena gulu la okhulupirira milungu yakale. Mtsogoleri wao anali Sveinbjörn Beinteinsson, woweta nkhosa wa ndevu zazitali ndi wopeka ndakatulo. Anakapempha boma kuti liwalembe monga chipembedzo. Bishopu wa dzikolo anatsutsa, ndi nduna inazengereza. Iwo asimba kuti poturuka m'nyumba ya ndunayo kunachita mphezi, magetsi a m'mudzi nazima, ndipo anati Thor walankhula. Ife a kuno tidziwa kuti magetsi akhoza kuzima popanda Thor. Komabe boma linawalola m'chaka cha 1973, ndipo m'mwezi wa August chaka chomwecho anachita blót yao yoyamba ya poyera pa munda wa Sveinbjörn ku Dragháls, mvula irikugwa, patsogolo pa fano la Thor loumba. Sveinbjörn anamwalira 1993. Pofika 2021 olembedwa m'gululo anali atapitirira 5,000. Ku Norway ndi ku Denmark nakonso kuli magulu otere ololedwa ndi boma, la ku Denmark chiyambire 2003.

Tapenyani tsono umo achitira. Ali ndi maphwando anai akuru pa chaka: pakati pa nyengo ya chisanu, pa chiyambi cha nyengo yofunda, pakati pache, pamene asonkhana ku Thingvellir komwe kuja, ndi pa chiyambi cha chisanu. Anthu aima mozungulira moto. Wansembe, amene amutcha goði, apatula malowo atagwira mphete ya malumbiro, nanena ndakatulo za m'mabuku aja. Pamenepo nyanga yodzala ndi mowa iyenda m'manja ndi m'manja. Ali yense atchula mulungu kapena kholo lache lakufa, namwa, ndipo wotsala authira pansi. Atatero akadyera pamodzi. Mwazi palibe, gululo likana kupha nyama pa nsembe. Ansembe ao ali ndi mphamvu ya boma ya kumanga maukwati, achita mwambo wotcha mwana dzina ndi wa maliro, ndipo ali ndi manda ao. Maina a anthu ao ali m'kaundula wa boma, ndi gawo la msonkho wa zipembedzo liwafika monga lifikira mipingo. M'chaka cha 2015 anayamba kumanga kachisi pa phiri la Öskjuhlíð ku Reykjavík; ndipo chaka chomwecho mkuru wa ansembe ao, Hilmar Örn Hilmarsson, munthu wopeka nyimbo, anauza olemba nyuzi kuti sayesa kuti alipo wokhulupiriradi za munthu wa diso limodzi wokwera kavalo wa miyendo 8, koma kuti nthanozo aziyesa mafanizo a mphamvu za chilengedwe ndi za mtima wa munthu. M'maiko ena muli Azungu odana ndi mitundu ina amene atenga nyundo ya Thor kukhala chizindikiro chao. A ku Iceland awakana amenewo poyera, ndipo m'menemo achita bwino.

Onani chimene chachitika. Chipembedzo chimene chinali cha dziko lonse, cha mwazi ndi mantha a njala, chauka chiri ndi kaundula, ndi akuru osankhidwa, ndi buku lowerenga pa mapemphero, ndi nyumba yosonkhanamo, ndi ufulu wa kulowa ndi kuturuka. Zonsezi sichinazitenge kwa Thor. Chinazitenga ku mpingo umene chinaturukamo.

Musayese kuti zimenezi ndi za Azungu okha. Peter Nyambo wa ku Ntcheu anaphunzira kwa amishoni, nafika ku England, ndipo m'chaka cha 1914 ananyamula kalata ya madandaulo a anthu akuda kumka nayo ku London. M'zaka za m'ma 1940 anayambitsa mpingo wache umene anthu anautcha wa Makolo, nalalikira kuti Mulungu anapatsa mtundu uli wonse njira yache, ndi kuti anthu akuda abwerere ku njira ya makolo ao. Mwa mbeu yomweyo munaturuka Chipembedzo cha Makolo Achikuda, chimene chinamera mizu ku Nsanje m'zaka za m'ma 1970, ndipo Bambo Joseph Chakanza, mwana wa m'chigwa momwemo, analemba mbiri yache. Anthu ache anati Yesu ndi wa Azungu, wathu ndiye Mbona, amene nayenso anaphedwa wosachimwa. Mau amenewa ali ndi ululu m'kati mwache, ululu wa thangata ndi msonkho ndi kunyozedwa, ndipo Mkristu wanzeru sawaseka. Koma Mbona wa kale sanali wa gulu. Anali wa ali yense womwa madzi a Shire, Mmang'anja kapena Msena, wobatizidwa kapena iai. Pakumuika pa mpando wopikisana ndi Yesu, ndi kumpatsa akuru a mpingo ndi misonkhano ndi ulaliki, anamveka jekete limene sanalivalepo. Za Kulamba wa ku Mkaika ku Katete, amene anaukanso 1984, sindinenapo zambiri. Kumeneko anthu amka pa basi kukalemekeza Kalonga Gawa Undi, ndipo ambiri a iwo Lamulungu lache ali m'tchalichi.

Ndiyenera kuvomereza kuti kubwerekana sikuli kwa mbali imodzi. Omasulira Buku Lopatulika atafuna mau a nyumba imene anamanga Solomo, anatenga kachisi, kanyumba kaudzu kaja. Anatenga nsembe, ndi wansembe, ndi dzina lomwe la Mulungu, pa milomo ya makolo athu. Ku Iceland nako Akristu atcha Khirisimasi Jól kufikira lero, ndilo dzina la phwando la makolo ao la pakati pa chisanu.

Ndikadakhala nazo zonsezi pakamwa tsiku lija, ndikadamuuza mkuruyo kuti Azungu makolo anali nao, nsembe anathira, ndipo ena a iwo ayambanso. Koma ndikadamuuzanso kuti nyanga ya ku Reykjavík ndi lichero la pakhomo pache siziri chinthu chimodzi. Womwa m'nyanga uja ali wokhuta; wasankha milungu yakale monga munthu asankha nyimbo ya agogo ache, ndipo mvula ikakana iye sagona ndi njala. Wonyamula lichero sanawerenga Edda kapena buku la Schoffeleers. Alikupenya chimanga chache chirikufa, nakumbukira zimene agogo anga anandisimbira inenso za chaka cha 1949, pamene amuna a ku Lunzu ndi Lirangwe anakwera kuno ku Mwanza ndi ku Neno kudzasuma chakudya, ena osabwereranso kwa akazi ao. Ine ndikhulupirira kuti nsembe imodzi inaperekedwa kale yokwanira, monga itiphunzitsa Kalata wa kwa Ahebri, ndi kuti mvula tiipempha kwa Atate mwa Kristu, si mwa akufa; chifukwa chache chimera changa sichilowa m'lichero limenelo. Koma mthengayo sanadza kudzayesa chikhulupiriro cha munthu. Anadza kudzafunsa ngati nyumba imeneyo iri pamodzi ndi mudzi pa tsoka lache, ndipo wombweza ndi mau oti wakunja wayankha funso limene sanafunsidwa.

Mkuru uja chimera sanapereka. M'mawa mwache anapita yekha kwa anyakwawa, nakhala pansi pa mphasa, nafotokoza ndi ulemu chifukwa chache. Nasiya chitini cha chimanga cha m'nkhokwe mwache kuti chipite kwa akazi amasiye awiri a m'mudzimo. Nsembe inathiridwa Lachisanu patsinde pa msolo, ndipo Lamulungu ife tinapempherera mvula m'tchalichi. Mvula inabwera mochedwa, chimanga chambiri chitafa kale. M'mwezi wa March President Lazarus Chakwera analengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi ya njala. Tsiku logawa chimanga cha thandizo ndinawaona onse awiri pa mzere umodzi, mkuru wa mpingo ndi mthenga wa lichero uja. Ndipo popeza njinga inali imodzi, ya mthengayo, anamangapo matumba onse awiri, nakankha mosinthana pa chitunda cha kumudzi.